Zitsa za Mapiri Pansi pa Kabwe

 Pulogalamu ya lero pa wailesi ino ikukamba za mapiri, ndipo ena adabwa kale, chifukwa ku Kabwe phiri n'losowa. Munthu wopalasa njinga kuchoka ku Katondo kupita m'tauni sapeza chitunda chomutsitsa kuti akankhe. Tauni yonse yakhala pamalo athyathyathya, pafupifupi mamita 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo chotumphuka chimene ana ambiri a kuno amachidziwa ndi mulu wakuda wa zotsalira za mgodi umene anthu amautcha Black Mountain.

Komatu akatswiri a miyala akafukula nthaka ya chigawo chino amaona zina. Iwo amati zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo, pakati pa Zambia panadutsa mtandadza wa mapiri wobadwa m'njira imene mapiri a Alps ku Ulaya anabadwira. Mapiriwo anatha. Chatsala ndi zitsa zake, ndipo monga wootcha makala amadziwira kukula kwa mtengo wa mutondo poona chitsa chimene mnzake anasiya, nawonso akatswiriwa amadziwa kukula kwa phiri poona miyala imene inali pansi pake. Mtovu umene unabala tauni ino, mkuwa wa ku Copperbelt, ngakhale madzi a m'mipopi ya ku Kabwe, zonsezi zili m'zitsa zimenezi.

Kuti nkhaniyi imveke, m'pofunika kupita kaye kumene ntchito yomanga mapiri ikadali m'kati lero, ku nyanja ya Mediterranean, pakati pa Africa ndi Ulaya.

Dziko limene timapondali si mwala umodzi. Chikhungwa chake, chochindikala makilomita pafupifupi 100 ndipo mwina kuposerapo, chinasweka m'zibenthu zikuluzikulu zimene zimayenda pamwamba pa miyala yotentha ndi yofewerapo ya m'kati. Zimayenda masentimita ochepa chabe pachaka. Liwiro limeneli n'loseketsa munthu akamaliyerekeza ndi moyo wake, koma sentimita 1 pachaka, pa zaka 100 miliyoni, ndi makilomita 1,000. Mjeremani wina, Alfred Wegener, atanena mu 1912 kuti maiko akuluakulu amayenda, anzake ambiri anamuona ngati wolota. Mmodzi mwa ochepa amene anamuikira kumbuyo anali wa kuno kummwera, Alexander du Toit wa ku South Africa, amene anayerekeza miyala ya kwawo ndi ya ku South America n'kutulutsa buku lake mu 1937. Onse awiri anamwalira maganizo awo asanavomerezedwe. Umboni wokhutiritsa unadzabwera m'zaka za m'ma 1960, anthu atayamba kupima bwino pansi pa nyanja.

Mfundo imodzi ndiyo yagwira nkhani yonse. Miyala ya pansi pa nyanja zikuluzikulu ndi yolemera, miyala ya kumtunda ndi yopepukirapo. Zibenthu ziwiri zikamayandikana, pansi pa nyanja pamapindikira kunsi n'kumira m'kati mwa dziko, nyanjayo n'kumachepa. Nyanja ikatheratu, maiko awiri a kumtunda amakumana, ndipo palibe lofuna kumira. Apo miyala imapindika, imasweka, imakwerana, chikhungwa n'kuchindikala. Mapiri a mtundu umenewu ndi chikhungwa chochindikalacho.

Pakati pa Africa ndi Ulaya panali nyanja yaikulu imene akatswiri anaitcha Tethys. Africa wakhala akusendera kumpoto kwa zaka pafupifupi 100 miliyoni, ndipo lero akusenderabe, mosafika sentimita 1 pachaka. Kachibenthu kena kamene kanali kutsogolo kwa Africa, kamene lero kanyamula mbali ina ya Italy, ndiko kanafika koyamba. Kanagunda Ulaya zaka pafupifupi 35 miliyoni zapitazo, ndipo Alps anatukuka mpaka phiri la Mont Blanc lafika mamita oposa 4,800.

Umboni wake uli poyera, pakhoma la phiri. Ku Glarus m'dziko la Switzerland, mzere wowongoka umaoneka ukudula mapiri chopingasa. Pamwamba pa mzerewo pali miyala ya zaka 250 mpaka 300 miliyoni, pansi pake pali miyala ya zaka 35 mpaka 50 miliyoni. Izi n'zozondoka, chifukwa matope akamaunjikana, akale amakhala pansi, atsopano pamwamba. Akatswiri anakangana zaka zambiri za mzere umenewu, mpaka Mfalansa wina, Marcel Bertrand, ananena mu 1884 kuti miyala yakaleyo inachita kukankhidwa kuchokera kummwera n'kukwera pa inzake. Inayenda makilomita makumi angapo. Malowa analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2008.

Phiri la Matterhorn, lotalika mamita 4,478, ndilo limasangalatsa kwambiri munthu wa ku Africa. Tsinde lake ndi miyala ya pansi pa nyanja ya Tethys, pamene nsonga yake ndi mwala wa kachibenthu kochokera mbali ya Africa kaja. Pachilumba cha Cyprus, mapiri a Troodos ndi pansi pa nyanja penipeni, pa zaka pafupifupi 90 miliyoni, pamene panakankhidwira kumwamba mpaka mamita 1,952 m'malo momira. M'miyala imeneyo anthu akhala akukumba mkuwa kwa zaka zoposa 4,000.

Nyanja ya Mediterranean yeniyeniyo inayamba yapanikizidwa mpaka kuuma. Zaka pafupifupi 6 miliyoni zapitazo, njira zimene madzi a Atlantic ankalowera zinatsekeka, dzuwa n'kumwa madzi ambiri, mchere n'kutsala. Sitima yofufuza ya Glomar Challenger itaboola pansi pa nyanjayi mu 1970, inatulutsa zizindikiro za mcherewo, ndipo lero zikudziwika kuti m'malo ena ndi wochindikala kuposa kilomita. Madzi anabwereranso zaka 5.3 miliyoni zapitazo kudzera pa Gibraltar. Omvera asunge nkhani ya mchereyi, chifukwa ikumananso nafe kuno kwathu.

Kupanikizana kumeneku sikunathe, ndipo kumapha. Pa 8 Seputembala 2023 chivomezi chinagwedeza mapiri a Atlas ku Morocco n'kupha anthu pafupifupi 3,000. Mu Febuluwale chaka chomwecho, ku Turkey ndi Syria kunafa anthu oposa 50,000. Mapiri ophulika a Etna ndi Vesuvius ku Italy ali m'dera lomweli la zibenthu zomira.

(Kanyimbo)

Tibwerere ku Kabwe. Zimene zikuchitika ku Mediterranean lero, kuno zinachitika n'kutha.

Chiyambi chake ndi kung'ambika. Zaka pafupifupi 880 miliyoni zapitazo, dziko lalikulu lakale limene akatswiri amalitcha Rodinia linayamba kuphwasuka, ndipo mng'alu umodzi unadutsa dera limene lero ndi Copperbelt, Katanga ndi pakati pa Zambia. Chaka chimenechi sanachite kulota. Ku Nchanga, ku Chingola, kuli mwala wa giranaiti umene miyala ya mkuwa inagonapo, ndipo m'giranaitiyo muli timibulu ting'onoting'ono totchedwa zircon. Timibuluti timatsekera yureniyamu m'kati mwake pamene tikupangika, ndipo yureniyamuyo imasanduka mtovu pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika losasintha. Akapima kuchuluka kwa ziwirizi, zaka za mwalawo zimatuluka. Giranaiti ya ku Nchanga inapereka zaka pafupifupi 880 miliyoni, ndiye chilichonse chogona pamwamba pake n'chaching'ono kwa iyo.

M'chigwa chimene chinatsegukacho munayamba kulowa mchenga ndi miyala yokokoloka kumapiri. Kenako munalowa madzi a nyanja, osaya, otentha, ouma kawirikawiri. Nyanja Yofiira ya masiku ano, pakati pa Africa ndi Arabia, ikupereka chithunzi chake. Madziwo akauma ankasiya mchere, monga zinadzachitikira ku Mediterranean patapita nthawi yaitali. Akabwerera ankasiya matope a laimu. Zonsezi zinaunjikana makilomita angapo kuchindikala kwake, ndipo akatswiri amazitcha miyala ya Katanga. M'gulu limeneli ndimo muli mwala umene Kabwe wakhalapo, dolomaiti.

Mwala umenewu ndi woyenera kuuyang'anitsitsa. Anthu ophwanya miyala yomangira amaudziwa bwino: wotuwa kapena woyererapo, wolimba ndithu koma mpeni umaukanda, ndipo ukaswedwa mkati mwake mumanyezimira timibulu. Ndi m'bale wake wa mwala wa laimu, kusiyana kwake n'kwakuti uli ndi maginiziyamu wambiri. Munthu akadonthezera asidi wosukuluka pa laimu, pamatuluka thovu nthawi yomweyo. Akadonthezera pa dolomaiti, pamangoti zii, mpaka ataupala kaye kukhala ufa. Kusiyana kumeneku ndiko Mfalansa wina, Déodat de Dolomieu, anakulemba mu 1791 atatola miyala m'mapiri a kumpoto kwa Italy. Mapiriwo lero amatchedwa Dolomites, ndipo alendo amathirako ndalama zambiri kukaona zipilala zake zotuwa. Mwala wake ndi mtundu womwewu umene mayi wa ku Kabwe amauphwanya ndi hamala m'mbali mwa msewu. Wa ku Italy uli ndi zaka pafupifupi 230 miliyoni ndipo muli zigoba za tizilombo ta m'nyanja. Wa ku Kabwe ndi wamkulu kuuposa katatu, ndipo chigoba simungachipezemo, chifukwa unapangika zamoyo za zigoba zisanakhaleko. Zimene zimapezeka m'miyala ya Katanga ndi timilu ta mizeremizere tosiyidwa ndi ndere za tizilombo tosaoneka ndi maso.

Kodi chigwacho chinakula mpaka kukhala nyanja yeniyeni yakuya? Funso limeneli linavuta kwa nthawi yaitali, chifukwa pansi pa nyanja pakamira sipasiya zambiri. Yankho lina linachokera ku timapiri ting'onoting'ono tomwazikana m'dera lotalika pafupifupi makilomita 200 pakati pa Zambia, kufupi ndi Lusaka. M'timapirimo muli mwala wolemera, wobiriwira, wa timadontho tofiira, wotchedwa eclogite. Mwalawu supangika pamwamba. Umafuna kupsinjika kumene kumapezeka pansi kwambiri. Mu 2003 gulu lotsogozedwa ndi katswiri wa ku Germany, Timm John, linalengeza kuti miyala ya ku Zambiayi inali pansi pa nyanja poyamba, kuti inamira mpaka makilomita pafupifupi 90, ndiponso kuti izi zinachitika zaka pafupifupi 600 miliyoni zapitazo. Eclogite wa mtundu womwewu amapezeka ku Zermatt, m'munsi mwa Matterhorn. Kwa katswiri wa miyala, mwala umenewu ukapezeka pamtunda ndiye kuti pamenepo panatsekeka nyanja.

Amene ankatseka nyanjayo ndi zibenthu ziwiri zakale ndi zolimba kwambiri. Kumpoto kunali cha Congo. Kummwera kunali cha Kalahari, chimene chanyamula Zimbabwe, Botswana ndi mbali yaikulu ya South Africa. Zinakumana pakati pa zaka 560 ndi 500 miliyoni zapitazo, ndipo kupanikizana kunafika pachimake cha m'ma 530 miliyoni. Miyala ya Katanga, imene inagona mwaudongo kwa zaka mamiliyoni mazanamazana, inapindidwa n'kukankhidwira kumpoto. Apa ndi pamene mchere uja unagwira ntchito. Mchere ukapsinjika umafewa n'kuterera, ndiye zigawo zikuluzikulu za miyala zinatsetsereka pamwamba pake n'kukwerana, monga zinachitikira ku mapiri a Jura pamalire a France ndi Switzerland. Chotsatira chake ndi mtandadza wokhota wotalika makilomita pafupifupi 800, wochoka kummawa kwa Angola, kudutsa Kolwezi, Likasi ndi Lubumbashi, n'kutsikira ku Chingola, Kitwe ndi Ndola. Dzina lake ndi Lufilian Arc. Munthu akatenga mapu n'kulemba kadontho pa mgodi uliwonse wa mkuwa wa ku Zambia ndi Congo, kukhota kwa mapiri amene kulibewo kumaoneka kokha.

Kummwera kwake kunatukuka mtandadza wina, wa Zambezi, wodutsa Lusaka, Kafue ndi Mazabuka kulowera kumpoto kwa Zimbabwe. Pakati pa iwiriyi pali mng'alu waukulu wa Mwembeshi, pamene mbali ziwiri za dziko zinakhulana chammbali. Basi yochoka ku Kabwe kupita ku Lusaka imaudumpha tsiku lililonse popanda wokwera aliyense kumva kanthu, chifukwa pamwamba pake pali minda ya chimanga ndi soya. Kumadzulo kwa Mumbwa, pamene mtsinje wa Kafue umakhota m'nkhalango yosungira nyama, pali giranaiti ya Hook, miyala imene inasungunuka pansi pa nthawi yomweyo n'kuumira komweko isanafike pamwamba. Kummawa nakonso, kuchokera ku Mozambique ndi Malawi mpaka ku Kenya ndi Ethiopia, kunali kugundana kwina kokulirapo. Zonsezi zitatha, Africa, South America, India, Australia ndi Antarctica zinali dziko limodzi, Gondwana.

Ana asukulu amaloweza Alps, Himalaya ndi Andes monga zitsanzo za mapiri opindika, ndipo n'zoyenera. Koma n'zomvetsa chisoni kuti mwana wa ku Kabwe angakhoze mayeso amenewo osamva kuti dzenje lililonse la mgodi ku Copperbelt likuonetsa mapindidwe omwewo.

(Kanyimbo)

Nanga mtovu unalowa bwanji m'dolomaiti? Madzi amene anatsekeredwa m'matope a Katanga anali amchere kwambiri, ndipo pansi anatentha. Madzi otentha amchere amasungunula zitsulo zimene zamwazika pang'onopang'ono m'miyala. Akapeza mng'alu amakwera nazo, ndipo akakumana ndi mwala wa laimu kapena dolomaiti wokhala ndi sulufule, amazitula. Ku Copperbelt anatula mkuwa ndi kobalti. Ku Kabwe anatula mtovu ndi zinki, m'mipanda yoimirira yolowa pansi mamita mazana angapo. Mwala wa mtovu, galena, munthu akauika m'manja amadabwa: kachidutswa kakang'ono kamalemera pafupifupi katatu kuposa mwala wamba wa msinkhu womwewo, n'konyezimira motuwa, ndipo kakamenyedwa kamasweka m'tizidutswa ta ngodya zowongoka. Kukongola kumeneku ndiko kumakopa ana, ndipo si mwala woseweretsa.

Za nthawi imene madziwo anakwera, akatswiri sanamvane. Kupima kwina kwa mtovu wa ku Kabwe kunapereka zaka pafupifupi 680 miliyoni, kutanthauza kuti mapiri asanatukuke. Koma mgodi wa Kipushi ku Congo, umene umafanana kwambiri ndi wa Kabwe, unapimidwa n'kupereka zaka pafupifupi 450 miliyoni, mapiri atatukuka kale. Mkanganowu si wa m'kalasi mokha, chifukwa kampani yofufuza miyala imasankha poboola motengera yankho limene yakhulupirira.

Mapiri aja anapita kuti? Anadyedwa ndi mvula. Ngati madzi achotsa milimita 1 yokha pa zaka 20 zilizonse, pa zaka 100 miliyoni achotsa makilomita 5. Ndipo phiri silitha msanga, chifukwa pamwamba pakapepuka, tsinde lake limene linamira m'miyala yofewa ya pansi limakwera, mvula n'kupezanso chodya. Ndi chifukwa chake miyala imene inali pansi kwambiri lero ili pamtunda, mbuzi n'kumadya udzu pamwamba pake. Zokokolokazo zina zinakagona m'zigwa zimene zinatseguka pambuyo pake, za Luangwa, Luano ndi Gwembe, mmene muli malasha a ku Maamba ndi mafupa a nyama zimene zinakhalako ma dinosaur asanabwere.

Kukokoloka kutafika pa mipanda ya mtovu ija, mpweya ndi madzi a mvula zinasintha pamwamba pake kukhala miyala ina yolimba kuposa dolomaiti yozungulira. Dolomaiti inasungunuka n'kutsika, mitu ya mipandayo n'kutsala itaima ngati timapiri pakati pa thengo. Timapiri timeneti ndi timene T. G. Davey anationa mu 1902, ndipo anatcha malowa Broken Hill potengera mgodi wa mtovu wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Mu 1925 damu la Mulungushi linatsegulidwa kuti lipereke magetsi kumgodi. Pofika 1994, pamene kampani ya ZCCM inautseka, mgodiwu unali utatulutsa matani pafupifupi 1.8 miliyoni a zinki ndi 800,000 a mtovu, kuphatikizapo siliva, vanadiyamu ndi kadimiyamu. Tauni inasiya dzina la Broken Hill mu 1966. Timapirito tinakumbidwa mpaka kutha, ndipo pamene panali kaphiri koyamba lero pali dzenje la madzi.

M'kaphiri kameneko munali phanga, chifukwa dolomaiti madzi amaiboola. Phangalo linali lodzaza mafupa a nyama, ndipo madzi a zinki atakumana ndi mafupawo anabala miyala yachilendo. Pofika 1908, L. J. Spencer wa ku British Museum anali atafotokoza mitundu iwiri imene dziko linali lisanaionepo, tarbuttite ndi parahopeite, yonse yochokera ku Kabwe. Pa 17 Juni 1921, wogwira ntchito wa ku Switzerland, Tom Zwiglaar, pamodzi ndi mnzake wachikuda amene azungu sanasamale kulemba dzina lake, anafukula chigaza cha munthu wakale pansi pa phangalo. Chinatumizidwa ku London, ndipo chili ku Natural History Museum mpaka lero, ngakhale boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere. Mu 2020 akatswiri analengeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 299,000. Munthu ameneyo amaoneka wakale kwambiri, koma pamene ankayenda pano mapiri anali atatha kalekale, ndipo anaona dziko lathyathyathya lomwe tikuonali.

Kubooka kwa dolomaiti ndiko kumamwetsa tauni. Ming'alu ndi mapanga a pansi zimasunga madzi ambiri, ndipo madzi ochuluka a m'mipopi ya ku Kabwe amachokera m'zitsime zoboola mwala umenewu. Zoyera zimene zimamata m'ketulo ndi mwala womwewo, umene unasungunuka m'madzi n'kuumanso pamoto. Nthawi ya mgodi madziwa anali mdani, mapampu ankagwira usana ndi usiku, ndipo atazimitsidwa mgodi unadzaza. Lusaka nayenso wakhala pa miyala ya mtundu umenewu. Ndiyo imapereka laimu ku fakitale ya simenti ya Chilanga, ndipo ndiyo imachititsa kuti madzi a m'zimbudzi zokumba alowe msanga m'zitsime za m'makomboni, poti mng'alu wa m'mwala susefa madzi monga mchenga umachitira.

Cholowa chowawa ndi mtovu. Unakhala wotsekeredwa m'mwala zaka mamiliyoni mazanamazana, ndipo zaka pafupifupi 90 za kukumba ndi kusungunula zinaumwaza m'dothi la tauni. Mphepo, imene nthawi zambiri imachokera kummawa, inatengera utsi ndi fumbi ku Kasanda ndi Makululu. Ngalande yaikulu yochokera kumgodi inatengera matope ake ku makomboni a mbali inayo, ndipo ikasefukira nthawi ya dzinja imawasiya m'mabwalo a nyumba. Katondo imatchulidwa pakati pa madera okhudzidwa. Mtovu suola ndipo susungunuka msanga, umangokhala m'dothi lapamwamba mmene ana amakwawa ndi kusewera, ndipo umawononga ubongo wa mwana asanaonetse chizindikiro chilichonse. Mu 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yothandiza kukonza madera a migodi ku Zambia, Kabwe ali pakati pake. Malangizo a azaumoyo sanasinthe: kusambitsa ana m'manja asanadye, kuwaza madzi musanasese, kubzala kapinga pabwalo, kusabweretsa kunyumba dothi kapena miyala ya kumgodi, ndi kupita ndi ana kukapimitsa magazi kuchipatala. Amayi oyembekezera amene amalakalaka dothi ayenera kudziwa kuti mtovu umadutsa n'kufika kwa mwana ali m'mimba.

Omvera ena afunsa za mapiri amene akuoneka lero, monga Muchinga kapena Mulanje. Amenewo ndi a mtundu wina. Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndi mwala umene unasungunuka pansi zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, n'kuuma, miyala yofewa yozungulira n'kukokoloka. Muchinga ndi mlomo wa chigwa: si phiri limene linakwera kwenikweni, koma Luangwa ndiye anatitimira. Kummawa kwa Kabwe, mtsinje wa Lunsemfwa wadula phompho lakuya mamita pafupifupi 300 potsikira m'chigwa cha Luano, ndipo amene anafikako ku Bell Point anaona okha kuti dziko lathyathyathyali limathera mwadzidzidzi.

Zigwa zimenezi zikusonyeza kumene zinthu zikulowera tsopano. Kumpoto, Africa akupanikizana ndi Ulaya. Kuno kummawa akung'ambika. Nyanja ya Tanganyika, yakuya mamita 1,470, ndi nyanja ya Malawi, yakuya pafupifupi mamita 700, zakhala m'ming'alu imene ikutseguka mamilimita ochepa pachaka. Chivomezi cha ku Salima mu Malichi 1989 ndi zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinachokera m'ming'alu imeneyi. Ming'alu yatsopanoyi siboola m'kati mwa zibenthu zolimba za Congo, Kalahari kapena Tanzania. Kawirikawiri imatsata mitandadza yakale ija, pamene miyala inaswekapo kale, ndipo n'chifukwa chake Zambia, amene wakhala pa mitandadza ingapo yotere, amamva timagwedezo nthawi ndi nthawi ngakhale ali kutali ndi nyanja yamchere.

Madzi otentha akadakwerabe m'ming'alu, monga ankachitira pamene ankatula mtovu. Apaulendo a pa msewu wa Great East amaima pa Chinyunyu, pakati pa Chongwe ndi Rufunsa, kuona kasupe wotuluka nthunzi. Ena ali ku Kapishya kufupi ndi Shiwa Ng'andu, ena ku Gwisho m'nkhalango ya Lochinvar. Pafupi ndi Lochinvar pomwepo, pa mtsinje wa Bweengwa, kampani ya Kalahari GeoEnergy inaboola zitsime kufufuza ngati kutentha kumeneko kungapange magetsi, nkhani imene inakula chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku Kariba m'chilala cha 2024. Sabata yamawa pulogalamu ino idzalowa m'chigwa cha Luangwa, kukaona mafupa a m'matope ake ndi mmene chigwacho chinatitimirira.